Ndowa ya ufa ndi masiku 35 a m'bindikiro ku Joni

Madzulo a Lolemba pa 23 Malichi 2020, ine ndi mayi a kunyumba tinaunjirira foni imodzi kumvera Pulezidenti Cyril Ramaphosa akulengeza kuti kuyambira pakati pa usiku wa Lachinayi, pa 26 Malichi, aliyense wokhala m'dziko la South Africa adzabindikira m'nyumba kwa masiku 21 pofuna kuchepetsa kufala kwa Covid-19. Tinkakhala m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ina ku Rosettenville, kummwera kwa mzinda wa Johannesburg, tili atatu ndi mwana wathu amene panthawiyo anali ndi zaka zinayi. Ine ndinkagwira ntchito yoperekera zakudya mulesitilanti, pamene mayiwo ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina masiku anayi pa mlungu, ndipo ntchito ziwiri zonsezi zinali m'gulu la zoyenera kuima. Ndivomere pano kuti usiku umenewo ndinaseka, n'kunena kuti miyendo yanga ipumako, chifukwa kwa ine milungu itatu inkaoneka ngati tchuthi chimene ndinali ndisanachionepo chibwerereni ku Joni.

Tinali ndi masiku atatu okonzekera, koma m'thumba munali mopepuka. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndi nyengo ya njala kumudzi, pamene chimanga chakale chatha ndipo chatsopano chikadali chachiwisi m'munda, choncho pafupifupi ndalama yonse imene tinkasunga tinali titatumiza kwa amayi ndi kwa apongozi, ndipo yotsalayo ndinali nditagulira malata a nyumba imene tikumanga kwathu. Lachitatu m'mawa ndinaima pamzere wautali wa pasitolo ndi kandalama ka matipu amene ndinapeza mlungu umenewo. Ndinagula thumba la ufa la makilogalamu 12.5, mafuta ophikira, shuga, nyemba, nkhuku ziwiri, kabichi, ndiponso tomato wambiri kwabasi poopa kuti mawa sadzapezeka. Anthu a matilole odzaza ankalimbirana mapepala a kuchimbudzi, ndipo ine, poona kuti anzanga akuthamangira chinthu, ndinatengako paketi yaikulu imene sitinkaifuna n'komwe.

Kulakwitsa kwanga ndinakuzindikira mlungu usanathe. Masitolo a zakudya sanatsekedwe, ndipo patapita masiku ochepa mashelefu anadzazanso monga kale. Chimene chinatsekedwa ndi malipiro athu. Ine ndinakonzekera ngati munthu amene akuyembekeza kusowa kwa katundu, pamene vuto lenileni linali kusowa kwa ndalama yogulira katunduyo. Tomato uja anayamba kuola pa tsiku lachisanu chifukwa kafiliji kathu sikakanatha kumusunga yense, ndipo nkhuku tinadya mofulumira ngati anthu a pa Khirisimasi. Ndalama imene inapita ku zinthu zimenezi ikanagula thumba lachiwiri la ufa, mchere, masoya ndi kapenta wouma, zomwe zimakhala miyezi osaonongeka.

Za ufa ndiyenera kufotokoza bwino, chifukwa ndi pamene maso anga anatsekukira. Masiku onse thumba limenelo linkatikwanira pafupifupi milungu itatu, ndipo ine ndinawerengera kuti likwana m'bindikiro wonse. Chimene ndinaiwala n'chakuti masana ine ndinkadya kuntchito, mayi ankadya kwa abwana awo, ndipo mwana ankadya kumkaka kumene tinkamusiya. Tsopano tonse tinali pakhomo, phala m'mawa, nsima masana, nsimanso madzulo, komanso munthu wongokhala amamva njala msanga kuposa wotanganidwa. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi mayi a kunyumba anandiitana, anatsegula ndowa imene tinakhuthuliramo ufa, n'kundilozera ndi mthiko.

"Bambo a mwana, taonani pamene wafika. Masiku atsala angati?"

Sindinayankhe. Iwo anatenga kapu ya pulasitiki ya mwana, anayeza ufa wotsalawo kapu ndi kapu kuthira m'beseni, kenako anaubwezera m'ndowa n'kulemba ndi cholembera mizere kunja kwa ndowayo, mzere uliwonse ukuimira tsiku. Kuyambira pamenepo palibe ankatapa ufa mongoganizira. Tsiku lililonse linali ndi makapu ake, ndipo chakudya cha masana cha ife akuluakulu chinasanduka tiyi ndi mkute wa dzulo ngati ulipo. Sindinadziwepo kale kuti banja langa limadya ufa wochuluka bwanji pa tsiku, ngakhale kuti ndine ndinkaugula mwezi ndi mwezi, ndipo ndikukhulupirira kuti amuna ambiri amene akuwerenga pano sadziwanso.

Pa 9 Epulo, kutatsala tsiku limodzi kuti Lachisanu Loyera lifike, Pulezidenti anawonjezera milungu ina iwiri, mpaka kumapeto kwa mwezi. Masiku 21 aja anakhala 35, ndipo mizere ya pandowa inayenera kufufutidwa ndi kulembedwanso mothithikana.

Zinthu zimene zinatizunza kwambiri pambuyo pa ufa zinali zazing'ono zimene sizinabwere m'mutu pamzere wa pasitolo paja. Choyamba chinali magetsi. Chipinda chathu chinali ndi mita yakeyake yolipiriratu, ndipo mayunitsi amene ankatha mwezi anatha m'milungu iwiri, chifukwa chitofu chinkayaka katatu pa tsiku ndipo nyemba, zimene ndinagula poganiza kuti n'zotchipa, zimadya magetsi kuposa ndiwo ina iliyonse. Mayi a kunyumba anakumbukira njira imene anaiona kwa agogo awo: ankaviika nyemba m'madzi usiku wonse, m'mawa n'kuzibwatitsa kwa mphindi pafupifupi makumi awiri, kenako n'kuphula mphikawo uli wovundikira, kuukulunga m'bulangete ndi kuuika m'katoni. Pofika masana nyemba zinkakhala zitafewa ndi kutentha kwake komwe, ndipo zinkangofunika kutenthetsa pang'ono pothira mchere ndi anyezi. Mpaka lero timaphika choncho, ndipo njirayi inatithandizanso mu Julayi 2020 pamene magetsi anayambiranso kuzimitsidwa mosinthana madera. Chachiwiri chinali chaja ya foni, imene inaduka mlungu wachitatu. Mashopu ogulitsa zoterezi anali otseka, ndipo foni imeneyo ndiyo inali wailesi yathu, banki yathu ndi njira yokhayo yomvera za kumudzi. Kwa masiku angapo ndinkapereka foni kwa mnzathu wa chipinda choyandikana kudzera pazenera kuti anditchajire.

Mankhwala ndiwo anatiopsa. Mayi a kunyumba amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku ndi tsiku, ndipo tinazolowera kukatenga ena akale akatsala pang'ono kutha. Makiliniki anali otsegula ndipo kupita kuchipatala kunali kololedwa, koma matakisi ankayenda maola ochepa okha m'mawa ndi madzulo, m'misewu munali apolisi ndi asilikali, ndipo mlendo aliyense ankadziwa kuti funso lofunsidwa pamsewu silithera pa kumene ukupita. Tinataya theka la tsiku kufunafuna khadi la kuchipatala, limene tinalipeza m'thumba la chikwama chakale pansi pa bedi. Anapita wapansi, ananyamula khadi ndi botolo lopanda kanthu kuti aonetse akaimitsidwa, ndipo anabwerako ndi mankhwala a miyezi iwiri. Usiku womwewo tinasonkhanitsa mapasipoti, makadi a kuchipatala, khadi la katemera la mwana ndi pepala la mgwirizano wa lendi m'jumbo imodzi yolimba, ndipo ndinajambula chilichonse pafoni. Papepala lina tinalemba ndi dzanja manambala a abale ndi a anzathu, chifukwa nkhani ya chaja ija inali itatiphunzitsa kuti foni ikafa, nambala ngakhale ya mchimwene wako weniweni suikumbukira.

Boma linakhazikitsa ndondomeko ya TERS, imene inkalipirako ogwira ntchito kuchokera ku thumba la UIF, lomwe ndi inshulansi ya anthu amene ntchito yawathera, kudzera mwa owalemba ntchito. Nditafunsa abwana anga, ndinauzidwa patapita masiku kuti dzina langa silinalembetsedwe konse ku thumbalo, ngakhale kuti ndinali nditagwira kumeneko zaka zitatu. Vuto linali lawo, koma nanenso sindinafunsepo ngakhale kamodzi, ndipo sindinkasunga mapepala a malipiro. Thandizo la R350 pa mwezi limene linalengezedwa mu Epulo poyamba linali la nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika ndi othawa kwawo ovomerezeka, choncho Amalawi ambiri sitinali m'gulumo. Sindikulemba izi podandaula za dziko la eni. Ndikungofuna kuti amene ali kunja awerengere zoona zake, kuti tsoka likagwa dzina lawo likhoza kusapezeka pa mndandanda uliwonse wa olandira thandizo.

Mndandanda umene dzina langa linapezekapo unali wa chipereganyu chathu. Tinali mabanja asanu ndi awiri ochokera boma limodzi kwathu, ndipo mwezi uliwonse tinkasonkha kupatsa mmodzi. M'bindikiro utafika pakati, amene inali nthawi yawo yolandira, bambo wachikulire wolondera amene ntchito yawo sinaime, analemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti ndalamayo asaipatsidwe, koma igule ufa wogawana. Anagula matumba akuluakulu, amene amatchipa kusiyana ndi ang'onoang'ono, ndipo popita kuntchito ankasiya gawo la banja lililonse pageti. Ndinkachiona chipereganyu ngati njira yogulira malata basi, moti miyezi ina ndinkasonkha monyinyirika. Eni nyumba nawo anavomera kuti lendi ya Epulo ndi Meyi tidzalipire pang'onopang'ono, ndipo ndikuganiza kuti anavomera chifukwa tinapita kukalankhula nawo tsiku lolipira lisanafike, komanso chifukwa zaka zonse sitinawabisalirepo.

Nthawi yomweyo kwathu kunali nkhani ina. Malawi analengeza odwala oyamba pa 2 Epulo, ndipo boma la Pulezidenti Peter Mutharika linati m'bindikiro wa masiku 21 uyamba pa 18 Epulo. Ochita malonda m'misika anachita zionetsero, ndipo pa 17 Epulo Khoti Lalikulu linaimitsa m'bindikirowo bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litakadandaula kuti boma silinakonze njira yodyetsera osauka. Ine amene ndinali kuyeza ufa ndi kapu ya mwana ndinamvetsa bwino chimene ogulitsa mumsika wa Limbe ankaopa. Nditaimbira amayi kumudzi kuti ndiwauze kuti mwezi umenewo sinditumiza kanthu, ndinakonzekera kupepesa kwa nthawi yaitali, koma iwo anandidula.

"Mwana wanga, ife tayamba kudya chatsopano, mfutso ulipo, maungu ali mbwee. Inuyo kumeneko muli ndi chakudya cha miyezi ingati?"

Anafunsa za miyezi, pamene ine ndinkawerenga masiku. Amayi sanapite patali ndi sukulu, koma akakolola amadziwa matumba amene afike nawo mwezi wa Febuluwale, amapatula mbewu, amafutsa nkhwani ndi chitambe nthawi imene masamba ali ochuluka, ndipo nkhuku zawo ndi ndalama yoyenda ndi miyendo imene amaigulitsa pakagwa matenda. Ine ndinakulira pakhomo pamenepo, koma nditafika mumzinda ndinasandutsa sitolo kukhala nkhokwe yanga, osaganiza kuti nkhokwe imeneyo imatsegulidwa ndi malipiro a mwezi umenewo okha. Anandikumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo anandiuza kuti malata angathe kudikira.

Pa 1 Meyi malamulo anafewetsedwa pang'ono, koma ntchito zathu sizinayambe. Mayi a kunyumba anabwerera kuntchito mu Juni, ndipo malesitilanti analoledwa kulandira odyera pomwepo kumapeto kwa mwezi womwewo, kuzizira kwa Johannesburg kuli pachimake. Anzathu ena sanathe kupirira ndipo anakwera mabasi obwerera kumudzi kudzera pa Mwanza, ena mwa iwo n'kukasungidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre podikira zotsatira za kuyezedwa. Ifenso tinakambirana zobwerera, koma ngakhale ndalama ya basi tinalibe.

Lero pansi pa bedi pathu pali ndowa ziwiri za ufa zokhala ndi zivundikiro zolimba. Timadya ya kumanzere, ndipo ikatha timatsegula ya kumanja n'kudzaza inayo mlungu womwewo, kuti ufa usakhalitse mpaka kugwa anankafumbwe kapena kununkha. Mchere, mafuta, masoya, sopo, makandulo ndi machesi timachita nazo chimodzimodzi, pamodzi ndi zigubu ziwiri za madzi zimene timasintha mwezi uliwonse ndi chaja yapadera imene mwana saloledwa kuigwira. Mankhwala timakatenga kukadali a milungu iwiri. Pepala lililonse la malipiro limalowa m'jumbo ija, ndipo kuntchito yanga yatsopano ndinafunsa za UIF mlungu woyamba.

Chovuta kwambiri chinali kugwirizana za ndalama. Tinapangana kuti tisanatumize kanthu kumudzi tizipatula kaye kagawo mpaka itakwana lendi ndi chakudya cha miyezi iwiri, ndipo zinatitengera kupitirira chaka kuti tifikepo. Abale ena anaona ngati Joni yatisintha mtima, ndipo mlamu wanga sanandilankhule kwa kanthawi nditamuuza kuti ya feteleza ichedwa. Ndalamayo taigwirapo kawiri, pa maliro a amalume ndi pamene mwana anadwala, ndipo nthawi zonse ziwiri tinaibweza. Pa za kumene iyenera kukhala sitinamvanebe: ine ndimafuna yonse ikhale kubanki poopa akuba ndi moto, pamene mayi a kunyumba amaumirira kuti gawo lina likhale m'nyumba, chifukwa amakumbukira mizere ya pa ATM ya mwezi wa Epulo uja. Pakali pano theka lili kubanki, ndipo theka linalo lili pamalo amene iwo okha akudziwa.