Chimbalangondo cha ku Antarctica

Mwana wanga wamkazi wa ku Johannesburg atandilipirira ulendo wa pa sitima yapamadzi wopita ku Antarctica, pa Chitakale panachepa. Anzanga a pabawo ankandichenjeza za kuzizira, ine n'kumangoseka. Munthu wokulira m'chiperoni, woti ndinapondapo Sapitwa, mamita 3,002, ndiope chisanu? Za mafunde ndiye musanene, Ilala ndinaikwerapo nyengo ya mwera. Ndinalonjeza kubwera ndi chithunzi cha chimbalangondo choyera, ine nditaima pambali pake.

Tinanyamukira ku Ushuaia, kunsonga kwa Argentina, mu Disembala, pomwe kumeneko akuti ndi nyengo yotentha. Chisanu sichinandivute. Chomwe chinandikhaulitsa ndi nyanja yotchedwa Drake Passage, yowoloka masiku awiri athunthu. Abale anga, mwera ndi khanda. Bedi linkandiponyera kukhoma, khoma n'kundibwezera pabedi. Ndinasanza mpaka phala lomwe ndinamwa ndili sitandade 1. Ndowa ndinaikumbatira ngati mwana wakhanda, mwana wanga weniweniyo ali pambali, foni m'manja, akuti, “Adadi, tayang'anani kuno.”

Tisanatsikire kumtunda anatiuza kuti majekete ndi zikwama ziyeretsedwe ndi makina okoka fumbi, poti kumeneko saloleza mbewu kapena chakudya chilichonse. Makina atalowa m'thumba mwanga anayamba kulira kuti gogobede gogobede. Mtedza! Mayi akunyumba anandiikira kamba osandiuza, ati kwa azungu ndikafa ndi njala. Anthu onse maso pa ine, ngati ndagwidwa ndi chamba pa rodibuloko.

Mapengwini ndinawaona, chigulu. Pa TV amaoneka ngati abwana ovala suti, koma fungo lake ndi la khola la nkhuku m'dzinja. Lamulo ndi lakuti uzitalikirana nawo mamita 5. Vuto ndi loti iwowo lamulolo sanalimve. Imodzi inkabwera molunjika kwa ine, ndikabwerera chafutambuyo iyo n'kumasendera, mpaka ndinaterereka n'kukhala phwa pa zitosi zofiirira.

Nditadzuka, ulemu utatha kale, ndinafunsa wotitsogolera kuti zimbalangondo tizipeza liti. Anandiyang'ana mwachifundo. Akuti zimenezo zimakhala kumpoto, ku Arctic, madera ngati Svalbard, ndipo ku Antarctica kulibe ngakhale chimodzi. Ndiye kuti ndinasanza masiku awiri kulowera mbali yolakwika ya dziko.

M'minibasi yochokera ku Limbe ndinkakonza bodza loti chilombocho chinathawa chitandiona. Nditangofika pabawo, wina anafuula, “Madala, chimbalangondo chija?” Ndisanatsegule pakamwa, mafoni anatuluka. Mwana uja anali atatumizira mayi ake chithunzi cha ine ndi ndowa pa WhatsApp, mayi akewo n'kuchigawira onse a kumvano.

Mpaka pano ndikakhala pabawo, wina amabweretsa ndowa mwaulemu n'kuiika pafupi ndi mwendo wanga.