Kompyuta yomwe imafa ikamapuma

Lolemba m'mawa ndisanamalize ndi tiyi yemwe foni inalira, bwana wa ka ofesi kena ku Limbe komwe ndimakawakonzera makompyuta mwa apo ndi apo. Akuti achimwene tabwerani msanga, kompyuta ya mayi a ku akaunti ikumangozima yokha ndiye malipiro a anthu akuyenera kutuluka Lachisanu. Ndinafunsa kuti ikumazima akupanga chani, bwana akuti ayi, ikumazima pomwe palibe akuyigwira. Mumtima ndinangoti awa ndi magetsi basi, nanga kwathu kuno china n'chani. Ndinaponya sikuludilaiva ndi fulashi m'chikwama n'kukwera minibasi.

Mayiwo ndi anthu aja adongosolo, anandifotokozera mwatsatanetsatane. M'mawa wonse amagwira ntchito bwinobwino, Excel, kupulinta, zonse bho. Akangopita ku lanchi pobwera amapeza sikirini yakuda bii, fani duu, akadina batani siyaka, mpaka azule chingwe kumbuyo adikire kanthawi abwezeretse ndiye imayaka ngati palibe chachitika. Nkhani ya chingweyi ndinaimva ndithu ndi makutu anga awiriwa koma inangodutsa, ndipo inandidyera masiku atatu.

Ganizo la magetsi lija silinakhalitse chifukwa kompyutayo ili pa UPS (kabokosi ka batire kopereka magetsi akathima) imodzi ndi rauta ya intaneti, ndipo rautayo sizima. Nde ndinatsegula Event Viewer, momwe Windows imalembamo zomwe zachitika pa kompyuta. Munali uthenga wa Kernel-Power 41 mbwee, koma anzanga ongoyamba kumene ntchitoyi musamanyengeke nayo 41 ameneyu, iye amangokuuzani kuti kompyuta sinazime mwaulemu, chifukwa chake sanena, komanso amalembedwa pomwe yayakanso osati pomwe yafa. Nthawi yomwe inafa mumaiyerekeza pa uthenga wina wa nambala 6008. Nditaona ma 6008 aja onse anali a nthawi ya lanchi kapena madzulo anthu ataweruka. BugcheckCode, nambala ya vuto lomwe lagwetsa Windows, inali 0, foda ya Minidump momwe imasungamo malipoti a kugwako mulibe kanthu. Ndiye kuti panalibe sikirini ya buluu ija imabwera Windows ikagwa, Windows sinapatsidwe ndi mpata wolira womwe, inangodulidwa pakhosi.

Ndinapanga zomwe aliyense akanapanga. Sleep ndinaika pa never, ndinalemba powercfg /h off kuti hibernate ndi fast startup zichoke, Link State Power Management ya PCI Express ndinaizimitsa, zonsezi kuti kompyuta isamagone kapena kuchepetsa magetsi yokha, ndinatsegula chibokosicho n'kupemerera fumbi lomwe linali ngati la msewu wa ku Chigumula mu Okutobala. Ndinawauza mayi kuti zatheka. Mpaka ndinalandira ya transipoti ndikumwetulira kkkk.

Lachiwiri 1 koloko isanakwane, meseji pa WhatsApp, "Achimwene yafanso." Ndinakaitenga kubwera nayo ku shopu, mayi ndinawabwereka ka laputopu kanga kakale kuti azikankhira.

Apa ndi pomwe ndinataya nthawi yambiri, ndipo ndikaganiza pano ndimadziseka. Ndinazula RAM, memory ya kompyuta ija, n'kupukuta mano ake aja ndi labala, kubwezeretsa, n'kusiya MemTest86, pulogalamu yoyeza RAM, ikuyenda usiku wonse. M'mawa wa Lachitatu ndinapeza yazungulira kanayi konse osapeza vuto ngakhale limodzi, ndipo kompyuta ili moyo. Ndinaipanikiza ndi Prime95, pulogalamu yolemetsa purosesa (ubongo wa kompyuta), kwa ola lathunthu kuti ngati ndi kutentha ionekere poyera, fani analira ngati chigayo koma osazima. Ndinatenga mita n'kuyeza waya wachikasu uja wa 12V wochokera ku power supply, kabokosi kogawa magetsi mkati mwa kompyuta, lamulo lake la ATX limalola pakati pa 11.4 ndi 12.6, iyo inali mkatikati mwabwinobwino. Ndinayamba kukaikira kuti mwina vuto lili ku ofesi konko, kapena pali munthu amaizimitsa dala mayi akatuluka, pajatu m'maofesimu nkhani sizitha.

Ndinatseka mapulogalamu onse n'kuisiya pa desikitopu, ndinatuluka kukagula chipisi pa chiwaya cha pakona. Sipanathe ndi mphindi 20 zomwe. Pobwera ndi ka jumbo kanga m'manja, sikirini bii. Ndinadina batani, zii. Ndinakhala pampando chipisi chikuzizira ndikungoyiyang'ana ngati munthu wandibera.

Tsiku limenelo kunalinso ntchito zina, pulinta ya pa sukulu ina yomwe inameza pepala limodzi ndi pini yake, ndi laputopu ya mnyamata wina wa ku koleji yothiridwa tiyi yemwe amalumbira kuti sinakhudze madzi chonsecho mabatani akumata shuga. Zimenezo zinatha msanga, mutu wanga unali pa yakufa ija.

Lachinayi ndinaibweza ku Limbe ndili ndi manyazi, cholinga ndikawauze bwana kuti takopera mafayilo pa laputopu malipiro atuluke kaye, zinazi tiona. Ndikulumikiza mawaya mayi aja anangoti, "Koma mwana wanga, chodabwitsa n'choti tsiku lomwe ndinaiwala nyimbo za kwaya zikulira ndikupita ku lanchi, sinazime." Ndinasiya waya m'manja. Ndinawafunsa kuti kangati, akuti kawiri kapena katatu, mpaka anayamba kuganiza kuti kompyutayi imafuna mapemphero.

Pamenepo zonse zinalumikizana. MemTest86 sinaiphe, Prime95 sinaiphe, kwaya sinaiphe, chifukwa nthawi zonsezo purosesa inali ndi chochita. Ine masiku awiri ndimayeza wodwala akuthamanga pomwe matenda ake amamugwira akagona.

Purosesa yake ndi Core i5-4570, ya m'badwo wachinayi uja wa Intel wotchedwa Haswell womwe unatuluka mu 2013. Purosesa ikasowa chochita imagona mwa masitepe, amati ma C-state, kuyambira tulo topepuka mpaka tulo tofa nato ta C6 ndi C7, ndipo izi zimachitika Windows ili maso, sizikhudzana ndi sleep ija ndinazimitsa Lolemba. Haswell ikalowa tulo timeneti imakoka magetsi ochepetsetsa, mpaka 0.05A pa mzere wa 12V, pomwe ma power supply akale anapangidwa poyembekezera kuti pazikhala pafupifupi 0.5A nthawi zonse. Ena mwa akalewo, makamaka otchipa aja omwe 12V ndi 5V zimayendetsedwa pamodzi, katundu akapepuka chonchi mavoti amasokonekera ndiye chitetezo chake chimadula zonse n'kudzitsekera. Ndipo ikadzitsekera choncho siyakanso mpaka uichotse ku magetsi kaye. Chingwe chija! Mayi anandiuza tsiku loyamba lomwe.

Ndinatsegulanso chibokosi ndipo ulendo uno ndinayang'ana ndi maso osati ndi chizolowezi. Power supply inali yomangidwa ndi masikuluwu awiri okha osiyananso mitu, chipepala chake chachita chikasu, dzina loti sindinalimvepo, ndipo imaoneka kuti ndi yaikulu msinkhu kuposa zina zonse m'menemo. Lolemba ndinaipemerera fumbi ndi manja angawa, Lachitatu ndinaiyeza ndi mita, osaona kanthu. Ndinafunsa kuti kodi ichi chinabwera ndi kompyutayi? Bwana anayang'ana mayi, mayi anayang'ana mesenjala, ndiye mesenjala uja ndi amene anaulula kuti mwezi watha itagwa mvula ya mphenzi ija power supply yoyambayo inapsa mpaka kununkha, ndipo mphwake wa bwana anazula ina mu kompyuta yakufa ya ku sitolo n'kuikamo, inayaka, anthu n'kuombera m'manja.

Ndinati bwana, nanga osandiuza bwanji. Iwo osatekeseka n'komwe, "Achimwene, munandifunsa?" Ndinangokhala chete chifukwa zoona sindinafunse, ndinafunsa kuti ikumatani koma kuti chasintha n'chani posachedwapa ayi.

Ndinalowa mu BIOS, momwe mumakhala masetingi oyambira a kompyuta, pa zokhudza purosesa, n'kuzimitsa C6 ndi C7 kuti izingowodzera osagona tulo tofa nato. Kenako ndinawapempha mayi kuti lero kwaya ipume, apite ku lanchi asiye kompyuta ili phee. Ine ndinakoka mpando n'kukhala pambali pake ngati wodikirira odwala ku chipatala, osakhudza mausi, osakhudza kiyibodi, foni ndinaika m'thumba kuopa kugwedeza tebulo ngati zikukhudzana. Mlonda anasuzumira pakhomo kawiri konse kudabwa kuti munthu wamkulu akuonerera sikirini yopanda kanthu. Mphindi 20 zinadutsa, 40, ola. Fani akuzungulirabe pang'onopang'ono. Tinaisiya yoyaka usiku wonse ndipo Lachisanu m'mawa mayi anaipeza ili moyo, Event Viewer mulibe 41 watsopano. Malipiro anatuluka 11 koloko isanakwane, mesenjala anandigulira Fanta.

Koma ine mtima sunakhazikike, chifukwa chomwe ndapanga ndi kuzemba vuto osati kulichotsa. Power supply yokalamba yosadziwika dzina ija ikadali momwemo, ndipo zoterezi tsiku lomwe zidzatope zimatha kupita ndi motherboard, bolodi lalikulu lomwe zonse zimalumikizidwapo, kapena disiki yomwe muli maakaunti onse. Ndinawauza bwana kuti tigule yatsopano yabwino, za masiku ano zambiri zilibe vuto limeneli. Bwana anaseka akuti chinthu chikugwira ntchito mukufuna tichichotse, inu amakompyuta mumangofuna tizigula zinthu. Tinakokana kanthawi, ndinawakumbutsa kuti yoyamba ija inapsa ili pa UPS yomweyi ndiye nayonso ndi yofunika kuiona, pamenepo nkhope inasintha pang'ono koma yankho linali lomwe lija timalidziwa tonse, tiona mwezi ukatha.

Poti ndikuwadziwa kuti mwezi wawo sutha, Loweruka ndinadutsirako ndi ka batire ka CR2032 katsopano n'kusintha ka pa motherboard, chifukwa kakale kaja kakangofa BIOS imabwerera momwe inalili ndipo nkhani yonseyi iyambiranso, n'kutheka ine nditaiwala. Ndinakonzanso ma C-state aja poti kuzula batire kunafufuta zonse, ndinakopera mafayilo a mayi pa disiki yapadera, n'kulemba ndi maka pa ka pepala kuti C6 ndi C7 zikhale zozima mpaka power supply isinthidwe, n'kumata ndi selotepi mkati mwa chitseko cha chibokosicho, pomwe mphwake wa bwana sangalephere kuona.

Ndikutuluka ndinamva kwaya yayambanso kulira pa ka sipika. Ndinabwerera n'kuwauza kuti mayi, pano sizikufunikanso zimenezo, yachira. Iwo akutseka chikwama chawo osandiyang'ana n'komwe anangoti, "Ndamva mwana wanga, koma isiyeni iziyimba."