Ndasankha ndege yoti ndimange, ndipo si imene ndinkailakalaka

Usiku wathawu ndatumiza uthenga kwa achimwene ku Joni kuti aitanitse ndege ya rimoti yoti ndimange ndekha. Patha masabata atatu tebulo lodyera litadzaza mapepala, kope lowerengera ndi rula, ndipo mayi a kunyumba madzulo alionse amandifunsa kuti, "Bambo a ana, mwagwira iti tsopano?" Dzulo ndinawayankha molimba mtima kuti ndagwira FT Explorer. Ndikulemba mmene ndafikira pamenepa chifukwa mtima wanga unali kwina, ndipo kuubweza sikunali kophweka.

Ndege zinandilowa ndili mwana kumudzi ku Dowa. Anzanga akamakhota mawaya kupanga magalimoto, ine ndinkasenda mapesi a chimanga, kutenga chofewa cham'kati chija kukhala thupi, makungwa ake n'kukhala mapiko ndi pulopela yozungulira paminga. Sizinkauluka, koma ukathamanga nayo pulopela inkalira bwino m'khutu. Chaka chatha ndinagula kandege ka rimoti m'sitolo ina m'tauni muno. Kanauluka Loweruka limodzi lokha. Katagunda mtengo wa mango mota inasiya kuzungulira, ndipo nditakang'amba ndinapeza zonse zam'kati zili pa kabolodi kamodzi komatidwa, kopanda poti ungasinthe. Ndi pamenepo ndinaganiza zomanga yanga, yoti waya aliyense ndizimudziwa kumene akuchokera ndi kumene akupita.

Kwa amene simunazigwirepo, ndege za rimoti zimagulitsidwa mosiyanasiyana. Zina zimabwera zokonzeka kale, ungotchaja n'kuulutsa. Zina zimabwera thupi ndi mapiko zitamangidwa, iwe n'kungolumikiza ndi kuikamo zamagetsi. Kit ndi bokosi la zidutswa zodulidwa kale ndi pulani yake, ntchito yonse yomanga n'kukhala yako. Ine ndimafuna kit, komanso yamagetsi, chifukwa mafuta a tiinjini ta ndegezi totchedwa glow ndi osakaniza methanol, nitromethane ndi oyilo, ndipo sindinawaonepo pa shelefu kuno.

Imene inandigwira mtima ndi Kadet LT-40 ya kampani ya Sig ya ku America. Ndi ya mtengo wa balsa, mtengo wopepuka kwambiri umene wambiri umachokera ku Ecuador. Mapiko ake ndi mainchesi 70, kapena kuti masentimita 178, ndi athyathyathya pansi, ndipo amakhala pamwamba pa thupi atatukuka pang'ono kunsonga ngati chilembo cha V chotambasuka. Kutukuka kumeneku n'kumene kumachititsa kuti ndege ikapendekeka, iwe n'kusiya timitengo ta rimoti, ibwerere yokha m'malo mwake. Ndakhala usiku wambiri ndikuyang'ana zithunzi za phiko lake lisanakutidwe: nthiti zoyera zitandandalikidwa bwinobwino pa pulani, iliyonse itagwidwa ndi mapini, msana wa phiko ukudutsa pakati pake. Munthu amene anakula akusenda mapesi sangaone zimenezo mtima n'kukhala m'malo. Mpaka pano ndikunena kuti m'gulu la ndege zophunzirira palibe yondikongolera kuposa imeneyi.

Koma nditayamba kulemba zofunika m'kope, mndandanda unangotalika. Ndegeyi anaikonzera injini ya glow ya saizi ya .40, ndiye kuisandutsa yamagetsi kumafuna kupanga malo a batire ndi chivindikiro chake, zomwe munthu woyamba kumene angazilakwitse. Ikatha imalemera makilogalamu awiri ndi theka kapena kupitirira, ndipo anthu a ntchitoyi amawerengera mawati 75 mpaka 100 pa paundi iliyonse (pafupifupi magalamu 450), kutanthauza mota ya mawati pafupifupi 500 ndi batire lalikulu la maselo anayi. Kenako pali pepala lokutira mapiko, monga Oracover, lomwe amalimata ndi kasimbi kake kotenthetsa mwa muyeso. Zonsezi ndi zoitanitsa kunja. Balsa amene ndi woitanitsa. Nthiti zitatu zikathyoka, ndidikira munthu wochokera ku Joni.

Ndinayang'anakonso Gentle Lady ya Carl Goldberg, yamapiko a mamita awiri, yoyandama ndi mphepo. Ndi yofatsa, ndipo ambiri amaiika kamota kumphuno. Koma nayonso ndi ya balsa, vuto n'lomweli, ndiye sindinachedwepo.

Amene anandibweza kwenikweni ndi achimwene. Iwo za ndege alibe nazo chidwi, koma nditawapempha anapita Lamlungu lina kubwalo la kalabu ina youlutsira ndege kunja kwa Johannesburg kukandifunsira. Anandiimbira madzulo ake. "Mng'ono wanga," anatero, "ndapeza mdala wina kumeneko, tsitsi lonse mbuu. Ndamuuza za ndege yako yamatabwayo. Wandifunsa chinthu chimodzi chokha, kuti kodi kwanuko alipo wodziwa kuulutsa woti aime pambali pako. Nditati palibe, wati usankhe ndege yoti ikagwa m'mawa, masana ukhale utaikonza." Anandifotokozeranso kuti kumeneko wophunzira amalumikiza rimoti yake ku ya mphunzitsi, zikavuta mphunzitsi amangosiya kabatani n'kulanda ndege isanafike pansi. Ine ndilibe munthu wotero. Ndili ndi bwalo la mpira la fumbi, mitengo ya bulugamu mbali imodzi, ndi ana amene amathamangira chilichonse chouluka akukuwa kuti drone. Ndege ya makilogalamu awiri ndi theka yokhala ndi pulopela kutsogolo, m'manja mwa wophunzira, pamalo ngati amenewo, ayi. Ndinagona ndili wokhumudwa, koma mdalayo ananena zoona.

Apa ndi pamene ndinatembenukira ku ndege za Flite Test ya ku Ohio, zomangidwa ndi foam board, thovu lolimba la mamilimita asanu lomatidwa pepala mbali zonse ziwiri. Umalidula ndi leza, umalipinda, n'kumata ndi guluu wotentha wa kamfuti kaja. Zina zonse ndi ndodo za kanyenya, malastiki omangira phiko ndi tepi yomatira makatoni, zomwe ngakhale mumsika wa ku Area 25 ndingazipeze. Ndinasinkhasinkha pakati pa ziwiri. Tiny Trainer ndi yaing'ono, mapiko ake sakwana mita, ndipo ndi yotchipa pa zamagetsi. Ndinaisiya chifukwa cha mphepo. Kuyambira June mpaka September kuno kumawomba, ndipo kandege kopepuka kotero kangamangotengeka ngati tsamba. Kachiwiri, kandege kakang'ono kakapita patali sudziwa ngati kakubwera kapena kakupita.

Explorer ili ndi mapiko pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo mota yake siili kumphuno. Ili kuseri kwa phiko, pamwamba, ikukankha ndege m'malo moikoka. Kwa ine mfundo yaikulu ndi imeneyi. Wophunzira amagwetsa ndege chamutu, ndipo pa ndege wamba chimene chimayamba kugunda nthaka ndi pulopela ndi shafiti ya mota, zinthu ziwiri zimene sindingapange ndekha. Pa Explorer chimagunda ndi mphuno ya thovu, yoti ndikhoza kudula ina pa tebulo pomwepa. Ilinso ndi mapiko a mitundu iwiri. Loyamba ndi lophunzirira, lotukuka kunsonga, ndipo umaiyendetsa ndi zinthu zitatu zokha: moto wa mota, rudder yokhotetsera ndi elevator yokwezera kapena kutsitsa mphuno. Manja akazolowera umavala phiko lachiwiri lokhala ndi ma aileron, timapiko ta kumbuyo kwa phiko topendeketsera ndege. Kukongola siyokongola, ikuoneka ngati bokosi lokhala ndi mchira, koma ndasiya kuiyang'ana ndi diso limenelo.

Podikira, Loweruka lapitali ndinayesa kanthu kamodzi. Ndinadula katoni ya sopo n'kupanga kandege koponya ndi dzanja, phiko lake masentimita 60 m'litali ndi 12 m'lifupi. Ndinkafuna kuona ndi maso nkhani ya pamene ndege iyenera kulemera mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, yomwe mabuku amati ikhale pakati pa gawo limodzi mwa anayi ndi limodzi mwa atatu a phiko kuchokera kutsogolo. Ndinaika kadontho ka bolopeni pa masentimita atatu ndi theka pansi pa phiko lililonse. Poponya koyamba ndinalibe cholemetsa kumphuno, ndipo kanakweza mutu, kuima m'malere, n'kugwa chamchira. Ndinamata ndalama yachitsulo ya K10 kumphuno, kanayamba kuyenda modumphadumpha ngati mafunde. Nditawonjezera yachiwiri n'kukanyamula pa nsonga za zala pa timadontho tija, kanakhazikika mphuno itaweramira pansi pang'ono. Ndinakaponya kuchokera pakhonde, ndipo kanatsetsereka mwakachetechete kudutsa pa chingwe choyanikira zovala mpaka kukatera pafupi ndi khola la nkhuku. Mwana wanga wamkazi anakathamangira n'kubwera nako akuti, "Adadi, ponyaninso." Tinaponya mpaka katoni inafewa.

Zamagetsi ndasankha zopezeka paliponse, kuti china chikapsa ndisavutike. Mota ndi ya brushless ya 2212, ya 1000KV, kutanthauza kuti popanda pulopela imazungulira ka 1,000 pa mphindi pa volti iliyonse. ESC, kabokosi koyendetsa motayo, ndi ya maampu 30. Batire ndi la mtundu wa LiPo, la maselo atatu, 2200mAh, mavolti 11.1, ndipo likadzaza limafika 12.6. Ndaitanitsa awiri ndi chaja yowerenga selo lililonse palokha. Ma servo a magalamu 9, timamota tosunthira rudder, elevator ndi ma aileron, ndaitanitsa asanu ndi limodzi ngakhale ndege ikufuna anayi, chifukwa mano ake apulasitiki sachedwa kuthyoka. Mapulopela ndapempha a mainchesi 8 ndi 9, angapo mbali iliyonse, ndidzayeza mpata wa pamwamba pa mchira ndegeyo ikaima. Ndasamala kuti mphamvu isapelewele chifukwa Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wa kuno ndi wopepukirapo ndi gawo limodzi mwa khumi, ndipo kukatentha umapepuka kuposa pamenepo. Phiko ndi pulopela zonse zimagwira mpweya wochepa.

Mabatirewo ndimawaopa, ndipo ndi bwino kuwaopa. LiPo likaboka kapena likatchajidwa mopitirira limayaka moto wovuta kuzima. Ndapeza kale chitini chachitsulo chothira mchenga pansi, ndizitchajira pakhonde pa simenti ndili pomwepo. Likhala losagwira ntchito masiku ambiri, selo lililonse lizikhala pa mavolti 3.8. Ndawauzanso achimwene kuti pa basi yodzera ku Tete asawaike m'chikwama chopita pansi ndi katundu wolemera, awanyamule pamanja, mawaya atakulungidwa tepi.

Rimoti yokha ndi imene ndili nayo kale, FlySky FS-i6 ya machanelo asanu ndi limodzi, ya Mode 2, moto uli kudzanja lamanzere. Ndaigula kwa munthu wina amene anasiya za ma drone. Ndailumikiza ku kompyuta ndi kachingwe ka USB ndipo madzulo alionse ndikuphunzira theka la ola pa PicaSim, pulogalamu yoyeserera kuulutsa ndege pa kompyuta. Chondivuta kwambiri ndi pamene ndege ikubwera kwa ine, kumanja kumasanduka kumanzere. Sabata yoyamba ndinkagwetsa nthawi iliyonse pokhota komaliza. Dzulo ndatera kasanu ndi kawiri mwa maulendo khumi.

Nkhawa zatsala ziwiri. Guluu wotentha amafewa pa dzuwa la October, makamaka ndege ikasiyidwa m'galimoto yotseka, ndiye pogwira mota ndi pamchira ndidzathira guluu wolimba wa epoxy. Chinyezi nacho chimatukula pepala la foam board. Kit imabwera ndi bolodi losalowa madzi msanga, koma zigamba zanga zidzakhala za loyera lija la m'masitolo a zolembera, ngati ndingalipeze, ndipo limenelo ndidzalikuta tepi. Ndisanamate chilichonse ndidzajambula chidutswa chilichonse pa katoni yolimba, kuti ndikhale ndi zikombole zodulira zina.

Achimwene afika sabata ya Khirisimasi. Ndimanga nthawi ya mvula, ndipo ndikufuna kuiponya koyamba mu April, m'mamawa mphepo isanadzuke ndiponso ana asanabwere pabwalo. Isanafike nthawiyo ndipita kukafunsa ku ofesi yoona za maulendo a pandege zimene malamulo akufuna, komanso kwa ahedi a pasukulu imene ili ndi bwalolo. Sabata ino ntchito ndi yopala chitseko chakale chimene ndachipeza kuseri kwa nyumba kuti chikhale tebulo lomangirapo. Ndachiyeza ndi rula yachitsulo, chapindika pang'ono pakona imodzi, ndipo mawa ndichitengera kwa akalipentala a pamsewu.