Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Pepala la Olongolola

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe anzanga a Fomu 2 anandisankha kukhala monita. Sanandisankhe chifukwa cha nzeru kapena mphamvu ayi, koma poti ndinkafika msanga ndipo zolemba zanga zinkawerengeka. Pondiuza, ntchito yake inkamveka yopepuka: kukatenga choko ndi dasita ku sitafu, kufufuta bolodi, kutolera makope, kuona kuti oyenera kusesa asesa. Ntchito yeniyeni palibe anaitchula tsiku limenelo. Inali yolemba maina a olongolola.

Aphunzitsi athu a masamu anali ndi kachitidwe kawokawo. Akadzaza bolodi ndi ntchito, ankatseka buku n'kundiloza ndi choko. "Iwe monita, ndikubwera. Ndipeze maina asanu." Sankati ulembe amene alongolole. Ankati asanu, basi. Kaya kalasi yakhala zii, kaya yasanduka msika, maina ankayenera kukwana, ndipo akapereweza monita ndiye ankakwaniritsa nambalayo ndi chikhatho chake.

Kumbuyo kwa kalasi kunkakhala anyamata akuluakulu, ena obwereza, ndevu zitayamba kale kutuluka. Phokoso lambiri linkachokera komweko, koma monita wofuna kukafika kwawo ndi mano onse sankawalemba amenewo. Mmodzi mwa iwo, tingomutcha Wamtali, sankavutika n'kuopseza pakamwa. Ankangondiyang'ana, n'kuloza ku geti ndi chibwano. Tsiku lina ndinamulemba ndithu, ndipo madzulo ake malaya anga anafika kunyumba opanda mabatani. Amonita a makalasi ena anandiseka kwabasi. Iwo anali atazindikira kalekale kuti pepala limadzazidwa ndi tiana ta kutsogolo: wobwereka labala, wofunsa tsamba, woyetsemula mokweza. Ena ankachita nazo malonda, kuti ndibwereke kakyuleta mawa ndifufute dzina lako. Ine ndinkalemba amene ndamumva ndi makutu anga, ndipo maina akachepa ndinkangotambasula dzanja. Sikuti ndinali woyera mtima. Mu Fomu 1 ndinkalembedwa kawirikawiri ndisanatsegule n'komwe pakamwa, ndiye mkwiyo wake unali usanathe.

Ndodo ya aphunzitsi a masamu aja inkakhala kuseri kwa chitseko. Tinali ndi nzeru zathu zochepetsera ululu, zina zothandiza, zina zongodzinamiza. Tinkapekesa zikhatho pa kabudula kuti zitenthe, poti dzanja lozizira limamva kuwawa kwambiri. Ena ankalowetsa kope m'kabudula, koma kulira kwa ndodo pa pepala kunkawaulula, n'kulandira zowonjezera. Komabe chimene chinkatisowetsa mtendere sichinali ululuwo. Chinali kusadziwa. Kuiwala kope Lolemba, aphunzitsi ankatha kukuseka n'kukuuza kuti ukhale pansi. Kuiwala kope lomwelo Lachinayi, zikoti zisanu ndi chimodzi. Motero m'malo mophunzira malamulo tinkaphunzira nkhope yawo. Wokhala pawindo ankaonera mayendedwe awo akamachokera ku sitafu n'kunong'oneza kuti, "Akubwera, lero sizili bwino." Tikamva choncho aliyense ankapisira malaya, ngakhale Wamtali. Akabwera akuimba kamluzu, tinkadziwa kuti lero ndi tsiku lochita zofuna zathu.

Teremu yachiwiri kunabwera mphunzitsi watsopano wa bayoloje, mayi wamfupi wa mawu otsika moti okhala kumbuyo ankachita kutchera khutu. Tsiku loyamba anatuluka pang'ono kukatenga tchati, ndipo pobwera ndinawapatsira pepala langa ndi manja awiri.

"Ichi n'chiyani?"

"Maina a olongolola, Madamu."

"Ndinakutuma ine?"

"Ayi, Madamu."

"Pinda uike m'thumba. Ndikakhala muno ndili ndi maso anga. Ndikatuluka ndizikusiyirani ntchito, ndipo kope la munthu ndilo lizindiuza zimene amachita ine kulibe."

Malamulo awo anali ochepa, ndipo anatilembetsa pa tsamba lomaliza la kope, lililonse ndi zotsatira zake pambali. Wochedwa sankaimitsidwa panja. Ankalowa, n'kukhala pa desiki ya kutsogolo, ndipo pa buleki ankatsala kukopera zimene zamudutsa. Wosalemba homuweki ankailemba poweruka, Madamuwo atakhala pomwepo akuchonga makope ena. Wotukwana mnzake ankapepesa pamaso pa onse amene anamva chitukwanocho, ndipo akabwereza, kalata inkapita kwa makolo. Anali ndi kabuku kakuda komwe ankalembamo dzina, tsiku ndi cholakwa, ndiye sipanatenge nthawi, dzina lawo kwa ife linasanduka Kabuku. Ukati, "Madamu, n'koyamba," ankatsegula kabukuko n'kukuwerengera tsiku limene unachitanso zomwezo, mawu osakweza ngakhale pang'ono.

Wamtali anawayesa, monga ankayesera mphunzitsi aliyense watsopano. Tikuphunzira za mtima, iye anayamba kuimba mluzu chapansipansi, mutu ataweramitsa. Tonse tinadikira kuti mwina akalipa, mwina alira, mwina athamangira kwa aphunzitsi aakulu. Iwo sanasiye kuphunzitsa. Anayamba kuyenda pang'onopang'ono pakati pa madesiki akufotokoza za zipinda zinayi za mtima, ziwiri zolandira magazi, ziwiri zowapopa, mpaka anakaima pambali pa Wamtali. Anatsamiza dzanja pa desiki yake n'kupitiriza phunziro ali pomwepo. Kalasi yonse inachita kutembenuka kuti iwaone, ndiye kuti maso onse anali pa iyeyo. Mluzu unazima wokha. Atamaliza mfundo yawo anawerama n'kumuuza motsitsa kuti, "Tionane belu likalira." Mawa lake anayesanso, ndipo zinachitika chimodzimodzi, osawonjeza, osachepetsa. Pofika sabata yotsatira masewerawo anali atamukwana, poti panalibe chosangalatsa choti anzake aonere.

Zaka zambiri pambuyo pake ndinadzamva za Jacob Kounin, katswiri wa ku America amene anajambula makalasi ambiri pa kanema n'kufalitsa zimene anapeza mu 1970. Iye anaona kuti aphunzitsi osunga bata sasiyana kwenikweni ndi anzawo pa kalangidwe. Amasiyana poti amaona zonse zochitika m'kalasi, amazindikira msanga amene wayambitsa, ndipo amazimitsa vuto phunziro lili m'kati. Nditawerenga ndinaseka ndekha, chifukwa ndinaona dzanja lija pa desiki ya Wamtali. Za kabuku kakudako, Cesare Beccaria wa ku Milan anali atanena kale mu 1764, polemba za milandu ya akuluakulu, kuti chimene chimaletsa munthu kulakwa si kukula kwa chilango koma kudziwa kuti chilangocho sichilephera kubwera. Sindikhulupirira kuti Madamu ankatsata anthu amenewa. Ndikuganiza kuti anali munthu wosakonda kufuula basi.

Bambo anga nkhaniyi sinawasangalatse. Nditawafotokozera kuti kwabwera mphunzitsi wosagwira ndodo, anapukusa mutu. "Ameneyo akukunamizani. M'mera mpoyamba. Ife tinakwapulidwa, nanga si ife tili pano?"

"Koma bambo, bayoloje tikumamva," ndinatero, maso ali pansi.

Mayi, amene nkhani za sukulu sankalowererapo kawirikawiri, anayankhira ali kuchipinda. "Bambo ake, mukuwerenga amene munatsala. Nanga mng'ono wanu uja anathawa sukulu chifukwa chiyani?" Bambo anangotsokomola n'kukweza wailesi.

Mkangano wa m'nyumba mwathu uja mayiko akhala nawo kwa zaka mazana. Dziko la Poland linaletsa kukwapula ana m'sukulu kale mu 1783, Sweden mu 1958. Ku Britain aphungu anavomereza zoletsa ndodo m'sukulu za boma mu 1986, ndipo mbali yoletsayo inapambana ndi voti imodzi yokha, kusonyeza kuti anthu oganiza ngati bambo anga analipo ambiri ngakhale m'nyumba ya malamulo. Ku America khoti lalikulu linagamula mu 1977, pa mlandu wa Ingraham ndi Wright, kuti gawo la malamulo a dzikolo loletsa zilango zankhanza silikhudza kukwapula m'sukulu, ndipo mpaka lero zigawo zina za dzikolo zimalolabe. South Africa inaletsa mu 1996, ndipo sukulu zina zachikhristu zitakadandaula kuti chikhulupiriro chawo chikuponderezedwa, khoti loona za malamulo aakulu linakana dandaulolo mu 2000. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, la mu 1989, pa ndime 28 silinena kuti ana asalangidwe. Limati mwambo wa pasukulu usungidwe m'njira yolemekeza umunthu wa mwana. Bambo akanamva zimenezi mwina akanati ndi zomwe ankanena iwo, poti kwa iwo ndodo inali ulemu womwe.

Pasukulu pathu ndodo inayamba kubisika chakumapeto kwa chaka chimenecho, aphunzitsi aakulu atalengeza pa asembule kuti asaionenso. Tinaomba m'manja, osadziwa chobwera. M'malo mwake munalowa chibalo. Wochedwa mphindi zochepa ankapatsidwa khasu kuti akumbe dzenje, anzake akuphunzira, ndipo pomaliza anali ataphonya maphunziro atatu chifukwa chochedwa ku phunziro limodzi. Ena ankagwaditsidwa pa miyala kutsogolo kwa sitafu, manja ali m'mwamba, kuti aliyense wodutsa awaone. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu anamuyendetsa makalasi onse atamupachika chikatoni pakhosi cholembedwa cholakwa chake, ndipo teremu yotsatira sanabwerenso. Kunena zoona ambiri a ife tinkalakalaka ndodo ija, chifukwa inkatha msanga.

Izinso si zachilendo. Joseph Lancaster, amene anatsegula sukulu ya ana osauka ku Southwark mu London mu 1798, ndiye mmodzi mwa anthu amene anatchukitsa za amonita, pofuna kuti mphunzitsi mmodzi athe kuyang'anira ana mazanamazana. Iyeyu kukwapula sankakufuna, koma ana olakwa ankawamangirira chipika pakhosi, ena n'kuwaika m'dengu lopachikidwa kudenga kuti anzawo awaseke. Munthu angathe kutaya ndodo koma mtima wofuna kuchititsa mwana manyazi n'kuusunga, ndipo ine ndimaona kuti manyazi a mtundu umenewo amapweteka nthawi yaitali kuposa chikhatho chotupa.

Musaganize kuti Madamu tinkawakonda. Ayi ndithu. Aphunzitsi a masamu, ndi ndodo yawo yomweyo, anali ndi nthabwala, ndipo tsiku lawo labwino kalasi yonse inkagwa nako kuseka. Madamu sankaseka nafe, ndiponso sankakhululuka. Ukawachonderera kuti lero lokha akusiye upite poti kunyumba akukudikira, ankati, "Ndamva. Yamba funso loyamba." Njira yawo inkawadyeranso nthawi yawo yomwe. Mwana akatsala poweruka, iwonso ankatsala. Aphunzitsi anzawo atapita kale, iwo anali akadali m'kalasi ndi ana awiri kapena atatu osalemba homuweki. Ndodo imatenga mphindi imodzi, ndipo ndikamaganiza za mphunzitsi wa kalasi yodzaza mpaka kukhomo, wokhala ndi milu ya makope osachonga, ndimamvetsa chifukwa chake ambiri ankaithamangira, ngakhale sindiwavomereza.

Bata lawolo linkatheranso pakhomo la kalasi. Belu likalira, iwo n'kutuluka, tinkabwerera ku moyo wathu wakale, ndipo pepala la maina asanu linkandidikira pa phunziro lotsatira. Wamtali anachotsedwa sukulu teremu yachitatu, atamenyana ndi mnyamata wa Fomu 4 kuseri kwa zimbudzi mpaka kumuthyola dzino. Komiti yosungitsa mwambo inakumana iye ali panja, ndipo anangomuitana kuti alandire kalata. Kuti analakwa, analakwa, ndipo mabatani anga aja sindinawaiwale. Koma palibe anamufunsa chimene chinayambitsa ndewuyo, pomwe ife tonse tinkadziwa kuti wa Fomu 4 uja anakhala akunyoza mayi ake kwa masabata. Madamu okha ndiwo anapita kwa aphunzitsi aakulu kukapempha kuti amuimitse kwa kanthawi m'malo momuchotseratu. Sizinatheke. Poti ndine ndinkatolera makope, ndinkadziwa chinthu china chimene komitiyo sinkadziwa: pa makope onse a Wamtali, la bayoloje lokha ndilo linali ndi notsi zonse, ndi zithunzi zojambulidwa bwino kuposa zanga.

Sabata yotsekera, wachiwiri kwa aphunzitsi aakulu anandiitanitsa ku ofesi. Ndinapita mtima uli m'mwamba, ndikufufuza m'mutu chimene ndalakwa. Anandiuza kuti chaka chamawa ndidzakhala pulifekiti woona za nthawi, woimba belu ndi kutseka geti ikakwana hafu seveni. Ndinafunsa ngati ndingakane. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Iwe, ndakufunsa maganizo?" Za getilo, ndi za anthu amene ndinkawatsekera kunja, kuphatikizapo mlongo wanga weniweni, ndidzakusimbirani m'gawo 10.