Funso loyamba limene foni imandifunsa

Ntchito yanga ndi kupeka nyimbo zoti anthu ena akayimbe. Dzina langa limalembedwa m'tizilembo tating'ono kunsi kwa dzina la woyimba, ndipo zimenezo zimandikwanira. Sabata yathayi ndinali ndi ntchito ya mayi wina amene akukonza chimbale chatsopano. Anandipempha kuti pofika Loweruka ndiwapatse nyimbo zoti asankhepo, ina yovinika, ina yodekha, ina yoti ine ndaona kuti ikuyenera liwu lawo. Zonse ndinaziyambira pafoni, monga ndimachitira masiku ano, chifukwa ku situdiyo timapita nyimbo itaima kale payokha.

Chimene ndakhala ndikuchiona kwa nthawi yaitali, ndipo sabata imeneyi chinaonekera poyera, n'chakuti pulogalamu iliyonse yopangira nyimbo ili ndi funso limene imayamba kukufunsa ukangoitsegula. Ina imafunsa makodi (manoti angapo olira pamodzi), ina ng'oma, ina imafuna uipatse kaphokoso kenakake, ina imangokhala chete kudikira kuti uyimbe. Yankho la funso loyambalo ndi limene limakhala msana wa nyimbo, ndipo zonse zobwera pambuyo zimakakamizika kugwirizana nalo.

Lolemba ndinatsegula GarageBand, imene kampani ya Apple inaitulutsa pa iPad mu 2011. Ukayamba nyimbo yatsopano mmenemo, umapeza zinthu zitatu atakusankhira kale: kiyi (gulu la manoti limene nyimbo imayendamo) ya C, liwiro la mabiti 110 pa mphindi, ndi chigawo cha ma bar 8 (bar ndi kagulu ka mabiti, kawirikawiri anayi). Ukasankha gitala, pagalasi pamabwera timizere 8 ta makodi ogwirizana ndi kiyiyo, ndipo ukapotoza kabatani ka Autoplay gitalayo amayamba kudziyimba yekha. Palibe chala chimene chingaphonye. Kulikonse kumene wagunda kumamveka bwino, ndipo ubwino wake ndi umenewo, vuto lake ndi lomwelonso. Pasanapite nthawi ndinali ndi vesi ndi kolasi, pa makodi a C, G, Am, F, chuni chake chokoma, choyenda bwino. Madzulo nditachimveranso ndinaona kuti chuni chija chinkapuma ndendende pamene ma bar 8 akuthera, ngakhale kuti ganizo la m'mawu linali lisanathe. Mzere womaliza wa vesi ndinali nditaudula kuti ukwane m'chigawo. Pulogalamuyo sinandiletse kutalikitsa chigawo, makonzedwe amenewo amasinthika mosavuta, koma munthu ukakhala pakati pa kupeka sukumbuka kupita kukasintha manambala. Umangotsata njira imene yatseguka kale.

Ndimaikonda GarageBand, ndisaname. Pa nyimbo yodekha imene makodi ake ndi amene akunyamula mtima wa nkhani, palibe pena pamene ndimafulumira ngati mmenemo. Komanso sindili m'gulu la anthu amene amati nyimbo ya pafoni ndi yamasewera. Damon Albarn anajambula chimbale chonse cha gulu la Gorillaz pa iPad mu 2010 ali pa ulendo woyimba, ndipo Steve Lacy wa ku California anatchuka ndi nyimbo zimene ankajambula pa iPhone ndi GarageBand yomweyi. Koma pa Lacy pali chinthu chimene anthu amachidumpha akamafotokoza: ankalumikiza gitala weniweni kufoni kudzera pa kachipangizo ka iRig. Makodi ankachokera m'zala zake, foni inkangolandira. Timizere 8 tija sitinali kumuuza kopita.

Lachiwiri linali la nyimbo yovinika, choncho ndinatsegula FL Studio Mobile ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium. Kuno funso loyamba ndi ng'oma. Umayika ng'omazo m'timabokosi tondandana, 16 pa bar iliyonse, kachitidwe kamene kanatchuka ndi makina a ng'oma monga Roland TR-808 a mu 1980. Ukayatsa kabokosi, ng'oma imalira pamenepo, ukazimitsa imasiya. Biti inabwera msanga, besi n'kutsatira, ndipo thupi linayamba kugwedezeka lokha, chimene ndi chizindikiro chabwino.

Koma taonani zimene zimachitikira mawu ukayamba ndi timabokosi. Mizere imafupika. Umayamba kufunafuna mawu aafupi oti agwe pakati pa ng'oma ndi ng'oma, ndipo ganizo lalitali lofuna mpweya wonse limasowa pokhala. Pa nyimbo yovinika zimenezi zimathandiza, chifukwa munthu amene akuvina safuna chiganizo chokhotakhota. Ndinapeza kolasi ya mizere iwiri imene inandikhala m'mutu mpaka usiku. Chimene chinavuta ndi vesi yachiwiri. Loop, kachidutswa kobwerezabwereza, ikamazungulira, khutu limazolowera, ndipo m'malo mopita patsogolo ndi nkhani umayamba kuwonjezera zoyimbira pamwamba pa ma bar omwewo, kenaka kusintha kamvekedwe ka ng'oma, kenaka kubwezeretsa mmene kanalili. Opanga nyimbo ambiri ali ndi mafoni odzaza ndi tizidutswa totere, tokoma kwambiri, tosapitirira masekondi 20. Ine ndimati ndikafika pamenepo ndimazimitsa biti n'kutenga pepala. Vesi yachiwiri ndinailemba chinthu chilichonse chili zii, kenaka n'kuibweretsa ku biti kuti zikambirane.

Palinso nkhani ya timabokosi 16 tija imene imandikhudza kwambiri. Nambala imeneyi imagawika pawiri, panayi, koma siigawika patatu. Nyimbo zambiri zimene zimandisuntha zimayenda patatupatatu, 6/8 kapena 12/8, manja akugunda katatu pamene phazi likugunda kawiri. Mapulogalamuwa amalola ndithu kuti usinthe, koma uyenera kudziwa kale kuti ukufuna zimenezo, n'kupita kukazifunafuna. Mwana amene akuphunzira kupeka pafoni, amene sanakhalepo pafupi ndi woyimba ng'oma, angadziwe bwanji kuti pali njira ina? Adzayika zonse panayi, kenaka adzakanikiza quantize imene imakokera kugunda kulikonse pamzere, ndipo kuchedwa kwakung'ono kumene kumapangitsa nyimbo kukhala ndi thupi kudzafufutika. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kuposa nkhani ya makina opeka okha nyimbo imene aliyense akukamba.

Lachitatu sindinatsegule pulogalamu yopangira nyimbo ngakhale imodzi. Ndinagwiritsa ntchito kojambulira mawu kamene kamabwera ndi foni, kopanda kiyi, kopanda liwiro, kopanda ma bar, batani lofiira basi. Ndinali ndi ganizo la munthu amene akulankhula ndi m'bale wake amene anasiya kuyimba foni kunyumba, osamukalipira, kungomufunsa ngati akudya bwino kumene ali. Ndinayamba ndi kungolankhula mawuwo mokweza ndikuyendayenda m'chipinda, mobwerezabwereza, mpaka kulankhulako kunayamba kusanduka kuyimba. Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwake, ndipo ukalankhula chiganizo mochokera pansi pa mtima, chuni chimakhala chili momwemo kale. Ukayamba ndi makodi umalikakamiza liwu kukwera pamene pakamwa pakufuna litsike, ndipo womvera, ngakhale sadziwa chifukwa, amamva kuti mawuwo avala zovala za eni ake.

Nditamaliza ndinatenga gitala kuti ndione chimene ndapanga. Kiyi sinali C. Mzere woyamba unatenga ma bar 5, wachiwiri 4, ndipo funso lenileni lisanafunsidwe panali kupuma kwakutali kumene sikukanakwana pa kuwerenga kulikonse. Pa mawu amodzi liwu linkatsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa ina, osakhazikika pa iliyonse. Nyimbo imeneyi sikanabadwa Lolemba, sikanabadwanso Lachiwiri. Ndikudziwa zimenezi chifukwa munthu wake ndi yemweyo, mutu womwewo, sabata yomweyo, chimene chinasintha ndi chida chimene chinali m'manja.

Lachinayi woyimba uja anabwera kudzamva. Nyimbo ya Lolemba anaimvera mpaka kumapeto, n'kunena kuti ndi yabwino. Ya Lachiwiri anaimirira n'kuvina. Ya Lachitatu, yomwe inali liwu langa lokha ndi phokoso la mapazi, anandiuza kuti ndiyibwereze.

"Achimwene, iyi musaikhudze kwambiri," anatero. "Mukangoiyika pa biti muipha."

"Achemwali, popanda biti oyimba zida adzatsata chiyani?"

"Adzatsata ineyo."

Tinayesa kujambula liwu lawo pa BandLab, pulogalamu ya ku Singapore imene inayamba mu 2015, chifukwa ndi imene timagawanirapo ntchito ndi anzathu akutali. Iwo anali atabwera ndi mahedifoni a Bluetooth, ndipo ndinawapempha kuti avale a waya. Bluetooth imachedwetsa mawu, kawirikawiri ndi mamilisekondi oposa 100, ndipo woyimba akamadzimva mochedwa chotero amayamba kudzikayikira, kukoka mawu, kulimbitsa khosi. Oyimba ambiri achinyamata amaganiza kuti ali ndi vuto losasunga nthawi, pamene vuto lili m'mahedifoni amene avala.

Kenaka panabwera nkhani ya AutoPitch, chida cha mu BandLab chokonzera liwu. Imeneyi ndi mdzukulu wa Auto-Tune imene kampani ya Antares inatulutsa mu 1997: umaiuza kiyi, iyo n'kumakokera liwu pa noti yapafupi. Pa nyimbo yovinika tinaiyatsa dala ndipo inakometsa kolasi, inaipatsa kuwala kumene nyimbo zamtunduwu zimafuna. Mwa chidwi chabe tinaiyatsanso pa nyimbo ya Lachitatu. Pa mawu otsetsereka aja, makinawo anadula kutsetserekako n'kukusandutsa masitepe awiri. Notizo zinali zolondola, koma kudandaula kumene kunali pakati pake kunachoka. Mayiwo anangopukusa mutu, ine n'kuzimitsa. Chimene chimandivuta si kukonza liwu pambuyo pojambula, zimenezo timachita tonse. Ndi kupeka chuni makinawo ali oyatsa, chifukwa pamenepo khutu limaphunzira kupewa malo onse amene makinawo sawakonda, ndipo pakapita miyezi munthu sayesanso n'komwe kutsetsereka.

Tisanasiyane anatchula zimene amene amayendetsa ntchito zawo anawauza, zoti kolasi izibwera msanga chifukwa pa Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamveredwa munthu akafika masekondi 30. Ndiye kuti mapulogalamu omvera nawonso ali ndi dzanja pa kapekedwe, ngakhale sitipekera mmenemo. Pa nyimbo yovinika ndinavomera, tinachotsa chiyambi chachitali n'kuyamba ndi kolasi. Pa inayo tonse awiri tinakana.

Lachisanu linapita ndi ntchito ya manja. Ndinatumiza nyimbo yovinika kwa mnzanga woyimba besi amene ali kutali, iye n'kujambula mbali yake pa BandLab pomwepo. Anachotsa besi yanga ya m'timabokosi n'kuika yake imene imachedwa pang'ono kumbuyo kwa ng'oma, ndipo nyimboyo inapeza chiuno. Apa ndi pamene pulogalamu imeneyi imaposa zina kwa ine: funso lake loyamba ndi lakuti ukupanga ndi ndani. Nyimbo ya Lolemba ndinaibwezera mzere wake wonse umene ndinaudula, chigawo n'kuchitalikitsa kufika ma bar 10, ndipo pamalo amodzi ndinaika makodi a kunja kwa timizere 8 tija, amene ndinawapeza pa gitala weniweni.

Madzulo ndinasewera ndi Koala Sampler, kapulogalamu kamene Marek Bereza anatulutsa mu 2019. Iko sikafunsa kiyi kapena makodi, kamangofuna phokoso. Umagwira kabokosi, maiki ya foni n'kujambula chilichonse chimene chikumveka. Ndinatenga kung'ung'udza kwa mayi aja kumene kunajambulika Lachinayi akuyesa liwu, ndinakutsitsa pansi, n'kukhala ngati gulu la amuna likuyankhira chapatali. Ndinakuika kunsi kwa nyimbo ya Lachitatu, pamalo awiri okha, motsitsa kwambiri. Ganizo limenelo silikanandibwerera ndili pa kiyibodi.

Loweruka mayi aja anatenga nyimbo zonse. Yovinika ipita ku situdiyo mmene ilili, mafayilo ake ndatumiza kale kwa wosakaniza mawu. Ya Lolemba akuti aiyimba kaye kunyumba kwa masiku angapo, aone ngati ikhala pakamwa. Ya Lachitatu tagwirizana kuti adzayamba kuyimba okha, popanda chowerengera nthawi m'makutu, ndipo woyimba gitala adzajambula pambuyo akutsata mpweya wawo. Mwini situdiyo wadandaula kale kuti zimenezo zidzamuvuta podula ndi polumikiza, ndipo akunena zoona, zidzatenga nthawi yochulukirapo. Tamupempha kuti atisungire tsiku lonse.