Guluu wotengera nkhono za m'nyanja pomata zitsulo

Pamwamba pa zitsulo zambiri pali kachikungu kopyapyala ka okusayidi, kamene kamapangika chitsulo chikakumana ndi okosijeni wa mumpweya, ndipo kachikunguka kamakoka chinyezi. Guluu wamba akapakidwa, amatha kugwira chinyezicho m'malo mogwira chitsulo. Nkhono za m'nyanja zotchedwa mussel zilibe vuto limeneli: zimamata timaulusi tawo pa mwala kapena pa chitsulo cha sitima zili m'kati mwa madzi amchere.

Mu 1981, Herbert Waite ndi Marvin Tanzer anapeza kuti mapuloteni a ulimbo wa nkhonozi ali ndi DOPA wochuluka, mtundu wina wa amino asidi, timagawo tomwe timapanga mapuloteni. Chogwira ntchito mu DOPA ndi catechol, kamkombero ka kaboni kokhala ndi magulu awiri a OH (okosijeni ndi haidirojeni) oyandikana. Awiriwa amatsina atomu ya chitsulo ngati chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mu 2006 gulu la Phillip Messersmith linayeza DOPA mmodzi pa titaniyamu, n'kupeza kuti pamafunika mphamvu ya pafupifupi 800 pN (piconewton, muyeso wa timphamvu tating'ono kwambiri) kuti aleke kugwira, ndipo akaleka amatha kugwiranso.

Phunziro lenileni lagona pa okosijeni. Catechol akakumana ndi okosijeni amasanduka quinone. Quinone sagwira bwino chitsulo, koma ndi amene amalumikiza maunyolo a polima, mamolekyu aatali opanga guluu, kuti guluuyo alimbe m'kati mwake. Catechol akasinthika wochepa, guluu amakhala wofewa n'kung'ambika pakati. Akasinthika wambiri, guluu amauma gwa koma amasendeka pa chitsulo ngati khoko la chinangwa. Nkhono imatsata ndondomeko: imatulutsa ulimbo pansi pa phazi lake pamene pali asidi, catechol n'kuyamba wagwira, kenako madzi a m'nyanja a pH pafupifupi 8 (pH ndi muyeso wa asidi: ikakwera, asidi amachepa) n'kudzaulimbitsa. Ndimaona kuti ndondomekoyi ndi yofunika kuposa mankhwala enieniwo.

Jonathan Wilker wa ku Purdue University anaika catechol pa polystyrene, mtundu wa pulasitiki, kuti apange guluu wotengera nkhonozi. Kagawidwe kabwino kanapezeka pamene catechol anali pafupifupi 33 peresenti, ndipo kupitirira pamenepo mphamvu inatsika. Atasankha bwino utali wa maunyolo ndi mlingo wa mankhwala olimbitsira otchedwa periodate, guluuyu anafika pa 10 MPa (megapascal, muyeso wa mphamvu pa malo omatidwa) ndi kupitirirapo pa aluminiyamu, mofanana ndi supaguluu wa m'sitolo.

Poyeza mphamvu ya guluu, anthu ambiri amatsata njira yovomerezeka yotchedwa ASTM D1002. Timapale tiwiri ta chitsulo ta 25.4 mm m'lifupi timasanjikizana 12.7 mm, choncho malo omatawo ndi pafupifupi 323 mm². Makina amakoka pa liwiro la 1.3 mm pa mphindi. Timapaleto tikalekana pa 3,000 N (manyutoni, muyeso wa mphamvu yokokera), mphamvu yake ndi 9.3 MPa.

Nambala yokha siikwanira. Tembenuzani timapaleto muone. Guluu akatsala mbali zonse ziwiri, wang'ambika pakati, ndiye onjezerani cholimbitsira pang'ono kapena nthawi youmitsa. Mbali imodzi ikakhala yoyera mbee, mwina chitsulo chinali ndi mafuta kapena catechol anasinthika asanagwire. Mukaona timabowo, ndiye kuti mankhwala osungunulira polima anatsekeredwa m'kati chifukwa guluu anachindikala kapena munatenthetsa mofulumira.

Kukonza chitsulo sikofunika kuthamangira. Pukutani ndi acetone, palani ndi sandipepala, pukutaninso, kenako donthezani madzi oyera. Akayanzika, pamwamba payera. Akaundana timadontho, mafuta akadalipo. Umitsani ndipo mateni msanga, makamaka aluminiyamu, chifukwa litsiro la mumpweya silichedwa kuteranso.

Maonekedwe a guluu amanenanso zambiri. Catechol akakumana ndi ayironi (Fe³⁺) pa pH yotsika amabiriwira, pa pH yapakati amakhala wa pepo, ndipo pa pH yokwera amafiira chifukwa ma catechol atatu azungulira atomu imodzi. Guluu woderapo asanapakidwe ndiye kuti walowa mpweya m'botolo, musamudalire.

Pali njira inanso ya 2007, yochokera ku gulu la Messersmith lomwe lija: kuviika chitsulo mu dopamine, mankhwala okhalanso ndi catechol, wa 2 mg pa mL, wosungunulidwa m'madzi a Tris, mankhwala osunga pH pa 8.5. Pakatha maola 24 pamabwera kachikungu kodera kochindikala pafupifupi 50 nm (nanomita; pamafunika miliyoni imodzi kuti akwane milimita). Kameneka sikanyamula katundu pakokha, kamangokonza pogwira guluu wina monga epoxy. Tsukani bwino ndi madzi oyera musanamate, apo ayi timibulu tosagwira tidzakhala malo oyambira mng'alu.