Mmene ndinalowera m'kanyumba ka m'paki ya khonsolo

Kanyumba ka pakona ya paki kanakhala kotseka mpaka mawindo ake anaswedwa. Zinkandiwawa, chifukwa kukada malo amene ana amasewera masana ankasanduka oopsa. Khonsolo italengeza kuti ikufuna wosamalira paki wogonera pomwepo, ndinakatenga fomu tsiku lomwelo.

Pamodzi ndi fomuyo ndinapempha ndondomeko yonse imene makhansala anavomereza. Nanunso muzitero. Chilengezo chimangotchula nyumba, koma ndondomeko ndi imene imanena ntchito yomwe mudzalipire nayo nyumbayo: kutsegula ndi kutseka mageti, kuona zimbudzi, kuyang'ana akatungwe ngati unyolo wadyeka, kulemba chilichonse chowonongeka m'buku la malipoti.

Fomu sinavute. Ankafuna chiphaso, makalata a anthu ondichitira umboni, ndi mayina a onse amene ndidzakhale nawo. Chimene chinadya nthawi ndi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ndilibe mlandu. Anandidinda zala, ndipo mayi a kunyumba nawonso anawadinda, poti wamkulu aliyense wogona m'paki amakhala pafupi ndi ana a eni. Yambani ndi kalata imeneyi, zina zonse zidzaidikira.

Pa mafunso ndinatsala pang'ono kudzigwetsa. Anandifunsa chimene ndingachite nditamva anthu akuthyola benchi pakati pa usiku, ine n'kuyankha kuti ndingatuluke kukawagwira. Mayi wina wa m'komitiyo anaika cholembera pansi.

"Bambo, sitikulemba wapolisi. Inu muone, muimbe foni, mulembe. Mukavulala, ana anu adzasamalidwa ndi ndani?"

Mawu amenewa ndimawakumbukira ndikamva phokoso kunja.

Nditapambana anandipatsa mapepala awiri, la ntchito ndi la nyumba. Apa ndi pamene ndinakhalitsa, ndipo ndinapempha kupita nawo kunyumba ndisanasaine. Pepala lachiwirilo si mgwirizano wa lendi wamba. Ufulu wokhala m'nyumbamo wamangiriridwa ku ntchito: ntchito ikatha, kaya mwasiya nokha kaya akuchotsani, nyumba nayo yapita. Ndinawerenga ndimeyo katatu, kenaka ndinafunsa kuti adzandipatsa masiku angati osamukira, ndi kuti chidzachitike n'chiyani ndikadwala nthawi yaitali. Funso lachiwirili mulifunse ndithu, pakuti limakhudza banja lonse.

Ndinalimbikiranso za maola. Munthu ukamagona pantchito, aliyense amaona ngati uli pantchito usana ndi usiku. Ndinapempha kuti masiku anga opuma alembedwe, komanso amene adzagwire makiyi ine ndikachoka. Poyamba anandiuza kuti tizidzangomvana. Ndinakana mwaulemu, chifukwa mkulu wa ofesi amene mwamvana naye lero akhoza kusamutsidwa mawa. Analemba.

Zina zinali zachidule. Madzi ndi magetsi ndilipira ndekha, denga ndi mapaipi ndi za khonsolo. Kuchita malonda m'paki n'koletsedwa, kubwereketsa chipinda n'koletsedwa, mlendo wokhalitsa ayenera kudziwika ku ofesi. Inshulansi ya khonsolo ndi ya nyumba yokha, katundu wanga sakuwerengedwamo.

Tsiku lolandira makiyi tinayendera chipinda chilichonse ndi woyang'anira mapaki. Mng'alu wa pakhoma la kukhitchini, mpope wodontha, nambala za pamita: zonse tinalemba, ndinajambula zithunzi, tonse awiri n'kusaina. Popanda pepala limeneli, zimene munazipeza zitawonongeka kale mudzazilipira ndinu potuluka.

Madzulo ake ndinazungulira paki ndi tochi, kuuza anthu kuti nthawi yotseka yakwana. Agogo ena amene anali pabenchi pafupi ndi geti anaima pang'ono, kuyang'ana nyale yoyaka pawindo la kanyumba kaja, n'kundifunsa ngati mawa ndidzakhalaponso. Ndinati ee. Anati abwera ndi adzukulu.